Sing'anga ndi Wodwala Wake: Kuwunika Nkhani za Ali Mazrui za 1979 Titaima ku Kafue

1. Mawu oyamba

Mu Novembala ndi Disembala 1979, wailesi ya BBC idaulutsa nkhani zisanu ndi imodzi zimene adakamba Pulofesa Ali Mazrui, katswiri wa maphunziro a ndale wobadwira ku Mombasa m'dziko la Kenya. Nkhanizi zidali za m'ndondomeko ija imene wailesiyi idayamba mu 1948 polemekeza John Reith, mkulu wake woyamba, m'mene pafupifupi chaka chilichonse munthu mmodzi woganiza mozama amaitanidwa kuti ayankhule ku mtundu wonse pa za chikhalidwe cha anthu, sayansi kapena ndale. Woyamba kuyankhula adali Bertrand Russell. Maiko ena adatengerako mwambowu, Australia mu 1959 ndi Canada mu 1961. Mazrui sadali munthu woyamba wa mu Afirika kupatsidwa mpando umenewu, pakuti Robert Gardiner wa ku Ghana adamutsogolera mu 1965. Koma nkhani zake ndizo zidabutsa fumbi, ndipo zitasindikizidwa mu 1980 m'buku lotchedwa The African Condition zidalowa m'makalasi a mayunivesite athu.

Ambiri amene adalembapo za nkhanizi ndi akatswiri a ndale, ndipo adakanirira pa nkhani yomaliza, m'mene Mazrui adanena kuti maiko monga Nigeria, Zaire ndi South Africa yodzalamulidwa ndi anthu akuda ayenera kudzakhala ndi zida za nyukiliya, kuti maiko amphamvu achite mantha ndi kuvomera kuti zidazi zithetsedwe padziko lonse. Ife mkangano umenewo tiusiya. Ndife aphunzitsi a chiyankhulo, ndipo chimene chikutikhudza ndi nkhanizi monga zoyankhula: m'mene wokamba adalukira mfundo zake, munthu amene ankamuyang'ana m'maso poyankhula, ndi munthu amene adatsala kunja kwa mpanda. Pofuna kuti kuwunikaku kusakhale kwa m'malere, taima pa malo amodzi odziwika, dera la mafakitale la m'tauni ya Kafue, makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka. Tasankha Kafue chifukwa mu 1979 momwemo kudali anthu oyankhula Chinyanja amene tsiku ndi tsiku ankagwira ndi manja awo sayansi imene nkhani yachinayi ya Mazrui idati ikuperewera mu Afirika.

2. Chinthu chopanda dzina

Tisanapite patali tivomere vuto limene takumana nalo polemba mutu wa nkhani ino. Chichewa chili ndi mayina ambiri a kuyankhula kwa munthu mmodzi pamaso pa gulu. Pali ulaliki, umene mphamvu yake imachokera m'buku loyera. Pali chilangizo cha anamkungwi, chimene chimaperekedwa kuseri kwa anamwali okha. Pali mawu a mfumu pogamula mlandu pabwalo. Pali zoyankhula za pamaliro. Ndipo kuyambira nthawi yolimbana ndi Chitaganya pali msonkhano wa ndale. Chimene Mazrui adachita sichikhala bwino m'dzina lililonse mwa amenewa. Wokamba sadadzozedwe, sagamula mlandu, sapempha voti. Amangobwera ndi maganizo ake nawayala poyera kuti aliyense awayese. Ophunzira athu amangoti lekichala, mawu amene amatchuliranso mphunzitsi mwiniwakeyo. Ife tiziti nkhani ya pagulu, podziwa kuti dzinali ndi msasa chabe, si nyumba.

Kusowa kwa dzinaku si umboni wakuti chiyankhulo n'choperewera. Ndi umboni wa mbiri: chinthucho chidafika kuno chitavala Chingerezi ndipo sichidavulepo. Yunivesite ya Zambia itatsegulidwa mu 1966, idakhazikitsa nthambi yofikitsa maphunziro kwa anthu a kunja kwa mpanda wake, motsogozedwa ndi Lalage Bown, ndipo idatumiza aphunzitsi kukakhala m'zigawo kuti azikonza makalasi a madzulo ndi nkhani za pagulu. Cholingacho chidali chabwino. Koma chaka chomwecho lamulo la maphunziro lidakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira giredi yoyamba, ndipo ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma lidazivomereza, Chinyanja chili pomwepo, zidatsala kukhala phunziro limodzi pa ndandanda ndi mapulogalamu ena a pawailesi. Simon Kapwepwe, ali wachiwiri kwa pulezidenti, adachenjeza mu 1969 kuti kuphunzitsa mwana m'Chingerezi kuyambira pachiyambi kumamuchititsa kudzikayikira ndi kupeputsa zakwawo. Chenjezolo silidasinthe lamulo. Motero pamene Mazrui ankayankhula, nzeru za pamwamba zidali zitapatsidwa kale chiyankhulo chake, ndipo omvera adali atasankhidwa kale wokamba asanatsegule pakamwa.

3. Luso la wokamba

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti nkhanizi n'zolukidwa mwaluso losowa. Iliyonse yamangidwa pa mfundo imodzi yooneka ngati ikudzitsutsa yokha. Tiziike m'mawu athu. Afirika ndi kumene munthu adayambira kukhala, komabe ndi kumene kwachedwa koposa kukhala kokoma kukhalamo. Anthu a mu Afirika si ndiwo adazunzidwa koposa mitundu yonse, komabe ndiwo adanyozedwa koposa. Miyambo yawo siili pafupi ndi ya Azungu, komabe akutengera za Azungu mofulumira koposa. Nthaka yawo si yosauka, komabe chitukuko chawo chili m'mbuyo koposa. Dera lawo si laling'ono, komabe ndi logawikana m'timaiko tambiri koposa. Ali pakati pa dziko lonse lapansi, komabe pa nkhani za mphamvu ali kumphepete.

Woyankhula pawailesi alibe bolodi, alibe choko, ndipo womvera sangabwerere m'mbuyo kukawerenganso chiganizo chimene chamudutsa. Mazrui adalidziwa vutoli. Adapatsa womvera msomali umodzi pa nkhani iliyonse, kenaka n'kumakolowekapo zitsanzo za m'mbiri, za m'chipembedzo, za m'maiko osiyanasiyana, ndipo womvera akasokera amabwerera pa msomali uja. Chiganizo chake chimagawika pawiri, mbali yoyamba yokana ndi yachiwiri yovomera, ndipo mlumikizi ali pakati ngati mtanda wa sikelo. Aphunzitsi a kalembedwe ka zimangirizo angachite bwino kuonetsa ophunzira awo kamangidwe kameneka.

Tikuonanso chinthu chimene owunika a Chingerezi sakadachiona. Mfundo zisanu ndi imodzi zija zalowa m'Chichewa mosavuta, monga momwe owerenga aonera pamwambapa, ngakhale kuti Chichewa sichisintha mfotokozi posonyeza kupambana monga chichitira Chingerezi, koma chimadalira mneni woti kuposa. Zalowa mosavuta chifukwa zili pa ubale ndi ndagi. Ndagi nayonso imaika pamodzi zinthu ziwiri zosayenera kukhala pamodzi, n'kumusiya womvera akukanda mutu. Kusiyana kwake kuli apa: woponya ndagi amati "Chilape!" ndipo sapitiriza mpaka anzake atayankha kuti "Nachize!" Wokamba nthano akati "Padangokhala" amadikira "Tilitonse." Omvera ali ndi gawo lawo m'kamangidwe ka zoyankhulazo, ndipo akakhala chete nthano imafa. Mazrui adaponya ndagi zake n'kuziyankha yekha. Si mlandu wake yekha, chifukwa m'zaka zimenezo nkhani za Reith zinkajambulidwa popanda gulu, ndipo mwambo wokamba pamaso pa anthu ofunsa mafunso udayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Komabe kusowa kwa woyankha kudasiya chipsera m'zimene zidanenedwa.

Chipseracho chikuoneka pa mutu waung'ono wa bukuli, A Political Diagnosis, umene ukumukhazika wolemba pa mpando wa sing'anga wopima matenda, Afirika ali wodwala. Fanizoli n'lamphamvu, koma aliyense amene adagonapo m'chipatala chachikulu akudziwa m'mene zimakhalira m'mawa madokotala akamazungulira. Amaima mozinga bedi, amayankhulana m'Chingerezi za chiwindi chako, amagwirizana, napita pa bedi lina. Iwe mwini thupi umadikira namwino kuti mwina akuuzeko pang'ono. Sing'anga wakumudzi, zolakwa zake zili apo, amayamba wafunsa wodwala, ndipo pa ula wodwala ndi abale ake amavomereza kapena kukhala chete. Sing'anga wa nkhani za 1979 adali wa mtundu woyamba uja. Ankayankhula za wodwala kwa madokotala anzake a ku London, Ann Arbor ndi Makerere. Wodwalayo m'nkhani zonse zisanu ndi imodzi ndi "iye", sakhalapo "iwe".

4. Zimene zidali ku Kafue

Tsopano tiike nkhani yachinayi, ya chuma chambiri pakati pa umphawi, pambali pa zimene zinkachitika ku Kafue.

Zambia italandira ufulu mu 1964 idadzipeza yomangiriridwa ku maiko a kumwera. Malasha, zophulitsira miyala m'migodi, feteleza, nsalu, zambiri zinkadzera ku Rhodesia, ndipo Ian Smith atalengeza ufulu wake wosavomerezeka mu Novembala 1965 njira imeneyi idasanduka chingwe cha pakhosi. Yankho la boma la Dr. Kenneth Kaunda lidali kudzipangira zinthu. Kudzera m'bungwe la INDECO, limene lidakula kwambiri pambuyo pa mfundo za ku Mulungushi za mu Epulo 1968, Kafue idasankhidwa kukhala tauni ya mafakitale. Malowo adali ndi zonse: mtsinje waukulu, njanji imene idawoloka mtsinjewo kuyambira 1906, msewu wa ku Lusaka, ndi magetsi a ku Kafue Gorge amene adayamba kuyaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mapulani a tauni yatsopano adajambulidwa ndi kampani ya Constantinos Doxiadis wa ku Greece, yemwe uja adajambula mzinda wa Islamabad. Kudamangidwa fakitale yoomba nsalu ya Kafue Textiles of Zambia, yogwiritsa ntchito thonje la alimi a m'dziko momwemo. Kudamangidwanso Nitrogen Chemicals of Zambia, imene gawo lake loyamba adamanga a Kobe Steel a ku Japan ndipo idayamba kugwira ntchito mu 1970, ikupanga amoniya kuchokera ku malasha. Pamene Mazrui ankayankhula, fakitaleyi inkakuzidwa.

M'zolemba zake za m'zaka zotsatira, Mazrui ankakonda kunena kuti Afirika idatengera kwa Azungu kadyedwe popanda kapangidwe, zokonda zawo popanda luso lawo, matauni popanda mafakitale. Mawuwa amakoma m'khutu, ndipo m'malo ambiri ndi oona. Ku Kafue si oona. Kumeneko dziko lidayesa ndithu kutengera kapangidwe, ndipo lidasankha imodzi mwa ntchito zovuta koposa m'sayansi ya mafakitale. Anthu ochokera ku Chipata, Petauke, Monze, Kasama ndi Mongu adaphunzira kuyang'anira ng'anjo, mapampu ndi mapaipi otentha, usana ndi usiku mosinthana. Amene adakhala m'nyumba za Kafue Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound sadali ogula chabe.

Zimene zidafooketsa Kafue n'zodziwika, ndipo sizikwana m'chiganizo chogawika pawiri. Malire ndi Rhodesia adatsekedwa mu 1973, chaka chomwecho mafuta adakwera mtengo, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa udagwa. Ndalama zakunja zitasowa, zitsulo zosinthira makina zidasowa nazo, pakuti makinawo adapangidwa kutsidya kwa nyanja. Boma litasintha mu 1991, msika udatsegulidwa. Feteleza wochokera kunja ndi zovala za salaula, zimene ku Malawi timati kaunjika, zidadzaza m'misika, ndipo mafakitale a ku Kafue adalowa m'mavuto aakulu, ya nsalu mpaka kuima m'zaka za m'ma 2000. Apa ndi pamene tikuona malire a luso la Mazrui. Mfundo yodzitsutsa imafuna wodwala mmodzi wotchedwa Afirika, wa matenda amodzi. Kuti imveke bwino iyenera kutaya mayina a malo, mitengo ya zinthu ndi zaka. Wogwira ntchito wa ku Kafue akadapatsidwa mwayi woyankha, sakadatsutsa kuti chitukuko chili m'mbuyo. Akadafunsa chifukwa chake chitsulo chimodzi chothyoka chiyenera kudikira chilolezo cha ndalama zakunja, ndiponso chifukwa chake mabuku ofotokoza za makina ali m'chiyankhulo chimene iye amachimva mwa theka. Mafunso amenewa akadainola nkhani yachinayi.

Chodabwitsa n'chakuti Mazrui mwiniwake adafika pa funso lachiwirili pambuyo pake. M'buku la The Power of Babel, limene adalemba ndi Alamin Mazrui mu 1998, ndi m'nkhani zina zambiri, adalimbikira kunena kuti palibe dziko limene lidakwera pamwamba pa luso la zopangapanga podalira kwambiri chiyankhulo cha eni ake, ndipo chitsanzo chake chokondedwa chidali Japan, imene idaphunzitsa sayansi m'Chijapani. Titaima ku Kafue mfundoyi ikuluma, chifukwa amisiri amene adamanga gawo loyamba la fakitale ya feteleza adali Ajapani omwewo, ophunzitsidwa m'chiyankhulo cha amayi awo, pamene amene adawasiyira makinawo adayenera kuyamba aphunzira chiyankhulo chachitatu, chimene sichidali chawo ndiponso sichidali cha omangawo. Koma tionenso kuti mfundo imeneyi Mazrui adaiyankhula m'Chingerezi mpaka imfa yake mu 2014. Sitikumunena kuti adali wachinyengo, pakuti ifenso a m'nthambi za ziyankhulo za mu Afirika talemba zambiri zotamanda ziyankhulo zathu m'Chingerezi chosalala. Tikungoti kunena kuti chinthu n'chotheka si kuchichita.

5. Kuyesa

N'chifukwa chake tiyese pano, mwachidule, kukamba m'Chichewa zimene zinkachitika kuseri kwa mpanda wa fakitale ija, monga momwe wokamba nkhani ya pagulu akadachitira madzulo ena m'holo ya ku Kafue.

Chimanga chimafuna nayitirojeni kuti chikule ndi kubereka. Nayitirojeni ndi wochuluka, pakuti mwa magawo 100 a mpweya umene timapuma, magawo 78 ndi iyeyo. Koma mumlengalenga tizigawo take timayenda tiwiritiwiri titagwirana zolimba, mwakuti chimanga sichingathe kutilekanitsa. Ntchito ya fakitale ndi kuthetsa ukwati umenewu ndi kumanga wina. Poyamba mpweya umaziziritsidwa mpaka kusanduka madzimadzi, kuti nayitirojeni apatuke ndi okosijeni. Kenaka malasha ochokera ku Maamba amaperedwa ngati ufa, nalowetsedwa m'ng'anjo pamodzi ndi okosijeni ndi nthunzi ya madzi, ndipo mwa zimene zimatuluka amapatulamo hayidirojeni, zotsalazo n'kuzichotsa. Tsono amasakaniza magawo atatu a hayidirojeni ndi gawo limodzi la nayitirojeni, nawapanikiza koposa kasanu ndi makumi khumi kuyerekeza ndi m'mene mpweya wa panja umatipanikizira, pa kutentha kopitirira madigiri 400. Ngakhale atero awiriwa sagwirizana msanga pokhapokha pakhale nkhoswe. Nkhoswe yake ndi chitsulo. Pamwamba pa chitsulocho tizigawo tija timalekana, n'kugwirana ndi hayidirojeni, ndipo pamabadwa amoniya. Chitsulocho chimatsala monga chidalili, chikudikira ena. Pa ulendo umodzi amene amagwirizana ndi ochepa, motero otsala amabwezedwanso. Njira imeneyi adaitulukira Fritz Haber ku Germany mu 1909, ndipo Carl Bosch adaisandutsa fakitale mu 1913. Gawo lina la amoniya limawotchedwa pa ukonde wa pulatinamu kuti pakhale asidi, asidiyo n'kukumananso ndi amoniya wotsala, ndipo chotsatira chake ndi mchere woyera wokhala ndi magawo pafupifupi 34 a nayitirojeni mwa 100. Mchere womwewo mlimi amathira m'munda monga feteleza wobereketsa, ndipo wa mumgodi amaphulitsira thanthwe.

Ndimeyi siidathyole chiyankhulo msana. Komabe tiiwunike mosaikondera, popeza tawunika ya mnzathu.

Choyamba, mawu oti mpweya anyamula katundu wambiri: ndi chimene timapuma, ndi chilichonse chosagwirika chotuluka m'ng'anjo, ndi cha m'matayala a njinga. Tazemba vutoli pomangotchula mayina obwereka. Wophunzitsa giredi yachisanu ndi chitatu sangazembe chotero. Ayenera kusiyanitsa mpweya wa mlengalenga, umene ndi msakanizo, ndi mipweya payokhapayokha, ndipo kuchulukitsa kumeneku, mipweya, n'kololedwa m'gulu la Mu-Mi ngakhale khutu silidakuzolowere. Chachiwiri, taonani kuti tapatsa nayitirojeni ndi hayidirojeni mgwirizano wa gulu la anthu, n'kumati iyeyo, wochuluka, monga tichitira ndi feteleza, shuga ndi fodya. Izi zidangochitika zokha polemba, ndipo zathandiza fanizo la ukwati. Chachitatu ndi nkhoswe. Tikuganiza kuti mawuwa akugwira bwino ntchito ya chitsulo chija kuposa mawu obwereka, chifukwa aliyense akudziwa kuti nkhoswe imalumikiza awiri koma siikwatiwa nawo. Komabe fanizo lili ndi malire ake: nkhoswe ya kumudzi imapitiriza kuyang'anira banjalo zaka zonse, pamene chitsulo chimaiwala amoniya akangochoka. Wophunzira wochenjera adzafunsa zimenezi, ndipo funsolo ndi phindu, chifukwa poliyankha mphunzitsi adzafotokoza sayansi yeniyeniyo. Chachinayi, pa kupanikiza taona tokha kuti chiwerengero cha m'mawu chalemera, ndipo wokamba weniweni akadangoti kupitirira ka 100.

Vuto lalikulu lili pa mawu amene timawayesa osavuta. Talemba kuti malasha, kutanthauza mwala wakuda wokumbidwa pansi, monga amanenera ku Malawi za ku Mchenga, kumene zootcha kuchokera ku mitengo zimatchedwa makala. Koma mayi wa ku Shikoswe akamva malasha amaganiza za thumba limene amagula pamsika kuti aphikire pa mbaula. Wokamba wochokera ku Zomba akadauza anthu a ku Kafue kuti feteleza amachokera ku malasha, theka la holo likadapita kwawo likukhulupirira kuti fakitale ikutha mitengo. Womasulira wa pamapepala sangaone msampha umenewu. Amauona ndi munthu amene waima pamaso pa gulu, waona nkhope zikukwinyika, ndipo wina kumbuyo wakweza dzanja. Apa ndi pamene tikuti "Tilitonse" si chokometsera chabe: ndi njira imene chiyankhulo chimadzikonzera chikamalowa m'dera latsopano.

6. Zitsanzo ziwiri zakwathu

Wina angatifunse ngati kuno kwathu kudalibe nkhani za pagulu zokhudza ziyankhulo zathu. Zidalipo, ndipo zodziwika koposa ndi zimene Dr. Hastings Kamuzu Banda adakamba ku Chancellor College ku Zomba m'zaka za m'ma 1970, pa mutu wa Chichewa. Sadali mlendo pa phunziroli. Ali wophunzira ku Chicago ndiye adapereka zitsanzo zimene Mark Hanna Watkins adalembera A Grammar of Chichewa mu 1937, ndipo ali pulezidenti Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board n'kukhazikitsidwa mu 1972. Komabe, monga mwa chizolowezi chake pa misonkhano yonse, ankayankhula m'Chingerezi. Chichewa chidali chogonekedwa pa tebulo, osati mpeni wochitira opaleshoni. Ndipo ngati nkhani za Mazrui zidalibe woyankha chifukwa cha wailesi, za ku Zomba zidalibe woyankha chifukwa cha mantha. Zimene wokamba adakonda zidasanduka lamulo. Owerenga aona kuti m'nkhani ino tikulemba kuti adapita, idamangidwa, pamene anthu a ku Kafue ndi ambiri a ku Blantyre amati anapita, inamangidwa. Chizolowezi chathuchi tidachitenga m'kalasi za m'nthawi imeneyo, ndipo dzanja likukana kuchisiya. Nkhani ya pagulu yokambidwa ndi mwini mphamvu imasanduka chigamulo, ndipo imaphunzitsa anthu kuopa chiyankhulo chawo chomwe.

Chitsanzo chachiwiri sichitchedwa nkhani ya akatswiri, koma ife tikuchiika pamwamba. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kufikira m'ma 1970, Julius Chongo ankakamba nthano zake pa wailesi ya Zambia m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, ndipo Ernst Wendland adazifufuza nasindikiza zina mwa izo mu 2004. Chongo adali yekha pa maikolofoni monga Mazrui. Analibe gulu pamaso pake. Koma adalowetsa omvera m'kati mwa nkhani posintha mawu kukhala anthu osiyanasiyana otsutsana, pofunsa mafunso amene womvera akadafunsa, ndi pogwiritsa ntchito mvekero kuti chosaoneka chioneke. Nkhani zake zidakhudza za m'tauni, za ndalama, za mabanja ndi za kusintha kwa miyambo, mitu yomwe ija ya nkhani yachitatu ya Mazrui. Anthu a m'makomboni ankasonkhana pa wailesi imodzi kuti amumve, monga makolo awo ankachitira ndi wailesi zija zooneka ngati sefuliya zimene zidafika mu 1949. Choncho omvera a nkhani yaitali m'Chinyanja adalipo, njira yowafikira idalipo, ndipo kalukidwe kake kadali katapezeka kale. Chimene chidasowa ndi katswiri wa sayansi wolola kuphunzira kwa wokamba nthano. Yunivesite ya Zambia idali ndi Pulofesa Lameck Goma, wa ku Lundazi, katswiri wa udzudzu amene adaitsogolera kuyambira 1969. Idali ndi Mubanga Kashoki, amene pamodzi ndi Sirarpi Ohannessian adasonkhanitsa buku la Language in Zambia mu 1978. Nzeru za udzudzu, nzeru za ziyankhulo ndi luso la Chongo zidali mumzinda umodzi pa nthawi imodzi, koma lamulo la 1966 lidali litagawa kale ntchito: Chingerezi cha kuganiza, Chinyanja cha kucheza.

Kugawa kumeneku kudagwedezekako mu 2014, pamene Zambia idayamba kuphunzitsa magiredi anayi oyamba m'ziyankhulo za m'madera, ndipo ku Malawi bungwe la Centre for Language Studies, limene lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koma ntchito zoterezi zimayambira pansi pa makwerero n'kuthera pomwepo, ngati kuti chiyankhulo chimakula ndi ana okha. Zimene taona m'gawo lachisanu zikusonyeza kuti chimakulanso pamene akuluakulu akukangana pa nkhani yovuta. Ku Kafue kudakali okalamba amene adayang'anira ng'anjo zija zaka zambiri. Pogwira ntchito usiku sankayankhulana Chingerezi cha m'mabuku. Adali ndi mayina awo a makina, a fungo la amoniya likatuluka pamene siliyenera, a phokoso la pampu imene yatsala pang'ono kufa, ena obwereka, ena a Chinyanja, ena a Chibemba ndi Chitonga. Nthambi ngati yathu ili ndi ophunzira a chaka chachinayi amene chaka ndi chaka amasowa mitu ya kafukufuku, n'kumabwereza miyambi ndi nyimbo za pamtondo. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Kafue ndi ulendo wa ola limodzi pa minibasi, ndipo munthu amene adayamba ntchito pa fakitale ya feteleza mu 1970 ali ndi zaka 20 tsopano wapitirira zaka 70.